Kadzenje ka ku Vubwi

Mkazi wanga Naomi anamwalira ndi matenda a shuga zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Anali wa thupi lalikulu, ndipo anthu ankamutamanda nalo. Ku tchalitchi kwathu ku Katete amayi anzake ankandiuza kuti, "Aphunzitsi, mumasunga bwino." Ine ndinkangoseka. Tinamutaya miyendo itatupa, maso atayamba kuchita khungu.

Anandisiyira mwana mmodzi, Ottilia, amene pakhomo timamutchula kuti Oti. Oti anatengera amake thupi, kenaka anawapitirira. Ali ndi zaka 33, sikelo ya kuchipatala inkaloza makilogalamu 141. Ankagwira ntchito ya ukalaliki ku Sinda, ndipo makondakitala a minibasi ankamusungira mpando wakutsogolo uku akufuula kuti, "Amayi awiri afika, tiyeni!" Iye ankaseka nawo. Shuga anamupeza nayenso. Ankagona chokhala, chifukwa akagona chagada mpweya unkamutsekera pakhosi.

Mwini wake anafufuza pa foni mpaka anapeza dokotala wa ku Lusaka wochita opaleshoni yochepetsa thupi. Ndinamuperekeza. Dokotalayo anajambula chifu papepala katatu. Pachithunzi choyamba anachimanga ndi lamba wamng'ono kumtunda, nati njira imeneyo ambiri anaisiya. Pachiwiri anasiya kathumba kakang'ono n'kukalumikiza ndi matumbo, kuti chakudya chizilambalala. Pachitatu anadula mzere kuchokera kumtunda mpaka kumunsi, nati mbali yaikuluyo amaichotsa, chotsalacho chimakhala chopyapyala ngati mkono wa malaya. Oti analoza chachitatu.

Anamuchita opaleshoni kumapeto kwa Ogasiti, ndipo zinayenda bwino. Potulutsidwa anatipatsa malamulo: masabata awiri a zamadzimadzi zokha, kenaka phala lopyapyala, kenaka chakudya chofewa, masipuni owerengeka. Mapiritsi a mavitamini tsiku lililonse mpaka imfa. Anatipatsanso pepala la zizindikiro zoopsa. Akamasanza masiku angapo osasiya, miyendo ikachita dzanzi, akamaona zinthu ziwiriziwiri, kapena mutu ukasokonekera, tithamange naye kuchipatala tsiku lomwelo. Pepalalo ndinaliwerenga kawiri n'kuliika m'Baibulo.

Titafika kunyumba ndinaimbira foni a Zione, akulu ake a malemu Naomi, amene amakhala kumudzi ku Vubwi. Kwa ife Achewa mwana ndi wa kuchikazi, ndipo ine ndinalakwa posawauza poyamba.

"Alamu," anatero a Zione, "mwana wathu mwakamudula osatiuza eni ake? Mwayesa mbuzi?"

Ndinapepesa. Ndinafotokoza za shuga ndi za mpweya. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Nanga chimene adulacho chili kuti?"

Chinali chitawotchedwa. Namwino anandiuza kuti amayamba achipima, kenaka amachitentha pamodzi ndi zina zotero, ndipo ndinasaina ndine. Koma ine phokoso sindilikonda. Ndaphunzitsa zaka makumi atatu osakweza mawu.

"Achisunga m'botolo la mankhwala," ndinatero. "Tikadzapita kukaonedwanso mu Okutobala tidzachitenga."

"Mudzabwere nacho. Amalume athu a Dickson atadulidwa mwendo, mwendowo unatsogola kumanda kwathu, eni ake anaupeza patapita zaka zinayi. Munthu sagona mbali ziwiri, china ku Lusaka, china kuno. Tsiku lake ndi liti?"

Ndinawauza tsikulo. Ndinkaganiza kuti adzaiwala.

Oti anayamba kutsika. Mwezi woyamba anataya makilogalamu khumi ndi asanu. Madiresi ake akamauma pachingwe ankaoneka ngati a munthu wina amene anachoka pakhomo. Mankhwala a shuga anachepetsedwa. Koma ankasanza. Phala linkabwerera, dzira linkabwerera, ndipo mapiritsi a mavitamini, poti anali akuluakulu, ankabwerera msangamsanga mpaka anawasiya.

"Adadi, musadandaule," ankatero akupukuta pakamwa. "Ndiye kuti ikugwira ntchito. Mukufuna ndibwerere ku mpando wakutsogolo?"

Anansi anayamba kunong'onezana za matenda aja amene anthu amawaganizira munthu akaonda msanga. Zimenezo sizinandisautse. Chimene chinandisautsa chinali nkhope. Mnofu utachoka m'masaya, pansi pake panatulukira nkhope ina. Chibwano chosongoka, mafupa a m'masaya okwera, kadzenje kumanzere kwa mlomo. Sinali nkhope ya Naomi amene tinamuika m'manda. Inali ya Naomi wa zaka makumi awiri, amene ndinakumana naye pa chitsime ndikuphunzitsa ku Vubwi. Chithunzi cha nthawi imeneyo tilibe. Ndinali nditaiwala nkhopeyo, ndipo tsopano inkandipatsa moni m'mawa uliwonse.

Ulendo wa ku Lusaka sitinapite. Oti anati miyendo ikumuchita dzanzi, basi sangaipirire, tidikire sabata ina. Ndinavomera.

Lachinayi m'mawa, foni inalira. Anali a Zione.

"Alamu, adzukulu akumba. Mufika nthawi yanji?"

"Akumba chiyani?"

"Kadzenje ka chidutswa cha mwana. Kumiyendo kwa amake. Munati mubwerako dzulo ku Lusaka. Amfumu tawauza, abusa abwera."

Ndinakhala pansi. Ndinawauza zoona. Kumbali kwawo kunkamveka nkhuku ndi mawu a amuna akucheza chapatali, kenaka mawuwo analeka, ngati wina wawakwezera dzanja.

"Anawotcha," anatero a Zione.

"Inde."

"Inu munthu wa sukulu, mwatikumbitsa manda opanda choikamo."

"Akwirireni basi, alamu. Ndidzabwera kudzapepesa kwa amfumu."

"Akwirire chiyani? Mphepo? Manda sakwirirwa opanda kanthu, ngakhale mwana wa Giredi Wanu akudziwa. Tidula thunthu la nthochi, tiikamo. Koma dothi loyamba aponya mwini wake, poti ndi mnofu wake umene tinakumbira. Mubwere naye pofika Loweruka. Lero tiphimbapo nthambi."

"Mwanayo sakupeza bwino."

"Apeze bwino bwanji? Alamu, dzenje likagona katatu lopanda kanthu limadzisankhira lokha."

Oti sindinamuuze chilichonse. Ndikunena zimenezi chifukwa cha zimene zinatsatira.

Masana a tsiku lomwelo kunatentha kwambiri, kutentha kuja kwa Okutobala kumene ngakhale agalu amasiya kuuwa. Oti anali pakhonde pa mpando wa nsungwi. Ndinamubweretsera madzi m'kapu. Anatambasula dzanja n'kugwira pambali pa kapuyo, pamene panalibe kanthu. Anayesanso, n'kuphonyanso. Ndinayang'ana m'maso mwake. Masowo ankanjenjemera, kupita uku ndi uku, timaulendo tating'onoting'ono tosaleka.

"A Yotamu," anatero, "njinga mwaisiya kuti?"

Yotamu ndi dzina langa. Mwana wanga sanalitchulepo chibadwire. Ku Katete konse ndine Aphunzitsi. Munthu mmodzi yekha ndiye ankanditchula Yotamu, ndipo ankakoka pang'ono pa "ta", monga mmene linamvekera pakhondepo. Njingayo inathera ku Mkaika, kumene ndinkaphunzitsa, Oti asanabadwe.

"Ili kuseri," ndinayankha.

"Muilowetse. Dzuwa liphulitsa matayala."

Ndinalowa m'nyumba, ndinatsegula Baibulo, ndinatulutsa pepala la dokotala. Kusanza, dzanzi, maso, mutu. Zonse zinayi zinalipo. Chingerezi ndimachidziwa bwino, sindinganene kuti sindinamve. Chipatala chachikulu chili pafupi ndi kwathu, ulendo wa mphindi makumi awiri pa galimoto. Ndinapinda pepalalo monga linalili, ndinalibwezera pa Masalimo, ndinatenga mpando wina n'kukakhala pakhonde.

"Mwaweruka msanga lero," anatero.

"Ana apita ku masewera."

"Ndiye mukanandiuza. Ndikanakuphikirani chigwada."

Tinacheza mpaka dzuwa linapendeka. Nthawi zina Oti ankabwerera. Ankati, "Adadi, mutu ukuzungulira," m'mawu a Oti, n'kutseka maso. Ine ndinkadikira. Akawatsegula, ndinkafunsa funso la kale, la nyumba ya aphunzitsi ya ku Mkaika kapena la anthu amene anamwalira kalekale, ndipo mawu ena aja ankabweranso. Ndinazindikira msanga kuti mafunso ndi amene ankawaitana. Ndinapitiriza kufunsa.

Ndinadziuza kuti ndimupititsa kuchipatala m'mawa.

Lachisanu sanathe kuima yekha. Ndinamugwira m'khwapa mpaka pansi pa mtengo wa mango. Anamwa masipuni atatu a madzi, awiri anabwerera. Khungu lake linali louma ngati pepala. Ndinamuyalira mkeka, ndipo anagona chammbali, dzanja pansi pa tsaya, kagonedwe ka amake.

"Denga lija likudonthabe," anatero.

"Ndikonza."

"Mumangoti ndikonza. Mwana akadzabadwa adzagona m'beseni?"

Ndinaseka. Ndinali ndisanaseke chotero zaka zisanu ndi chimodzi.

Zonsezi zili ndi tanthauzo lake, ndipo pambuyo pake madokotala anandifotokozera. Ubongo ukasowa chakudya chake umatola zidutswa za nkhani zimene munthu anamvapo n'kuzilumikiza. Oti anakula akumva amake akusimba za denga la ku Mkaika. Dzina langa analimva pakamwa pa amake kambirimbiri. Ndimavomereza zimenezo.

Koma chapamasana ananena china.

"Thalauza lanu lija ndinachapa ine."

"Liti?"

"Lamatope. Munawatsatira amayi aja kudambo. Munayesa sindinaone."

Oti asanabadwe tinali ndi mwana wina, wamwamuna, amene anabadwa wakufa. Nthayo saililira, ndipo amuna sapita kokataya. Amayi akuluakulu anamukulunga m'nsalu n'kupita naye kudambo, Naomi ali gone m'nyumba. Ine ndinawatsatira chapatali, ndinaima kuseri kwa mtengo wa msuku, ndinaona pamene anamuika. Pobwerera ndinavula thalauza n'kulibisa pansi pa bedi. Patapita masiku ndinalipeza pachingwe, loyera. Naomi sananenepo kanthu, ine sindinanenepo kanthu, zaka makumi atatu zonse.

"Bwanji sunandifunse?" ndinatero.

"Inu mukanayankha?"

Mphepo kunalibe. Masamba a mango anali zii. Pamsewu panadutsa ngolo ya ng'ombe, ndipo mwini wake anandipatsa moni, ine ndinayankha ngati masiku onse.

"Panali pouma?" anafunsa. "Pamene anamugoneka?"

"Panali pouma. Pachulu, pamthunzi."

"Chabwino," anatero, n'kutseka maso.

Tsikulo linathanso. A Zione anaimba kawiri kufunsa ngati tapeza galimoto. Anati nthambi zimene anaphimba pa kadzenje anazipeza m'mawa zitasunthira pambali, ndipo mapazi a nyama panalibe. Ndinawauza kuti tinyamuka Loweruka m'mawa. Sindikudziwa ngati ndinkakhulupirira za dzenjelo. Chimene ndikudziwa n'chakuti ulendo wa ku Vubwi ndi wa maola atatu, ndipo ndinkawerengera maola atatuwo.

Loweruka ndinaitana Given, woyendetsa takisi, amene ndinamuphunzitsa ali mwana ndipo pano ali ndi ana akeake anayi. Anafika akuimba muluzi.

"Aphunzitsi, ku Vubwi? Msewu uja udya ma shoko a galimoto yanga. Mukanandipasitsa masamu bwenzi ndili pa ofesi ine."

Tinamunyamula Oti awiriwiri. Given anasiya muluzi. Titamukhazika kumbuyo anandikokera pambali.

"Aphunzitsi, awa si a kumudzi awa. Awa ndi a kuchipatala."

"Yendetsa, Given."

"Asisi Oti, muli bwanji? Mwandidziwa?"

Oti anamuyang'ana, maso akuvina. "Mwana wa yani uyu, a Yotamu?"

Given anandiyang'ana ine. Analiza galimoto.

Tinatuluka m'tauni n'kulowa msewu wa ku Chadiza. Ndinakhala kumbuyo, mutu wake uli paphewa panga. Minda inali yotenthedwa, zitsa za thonje zili mbuu, ndipo patsogolo msewu unkaoneka ngati pali madzi. Anthu okankha njinga za makala ankapatuka tikamadutsa. Ndinamufunsa za tsiku la ukwati wathu, anayankha. Ndinamufunsa za nyimbo imene ankaikonda ku kwaya, anaimba mzere umodzi ndi mawu otha mphamvu. Given anakweza galasi la kumbali kwake ngakhale kunali kotentha.

Titayenda mwina theka la ola, anadzutsa mutu. Anayang'ana mpando wakutsogolo, umene unali wopanda munthu. Anayang'ana kumbuyo. Anayamba kupapasa pa mpando pakati pa ine ndi iye.

"Mwana ali kuti?"

"Ali pachulu, ndakuuza dzulo."

"Osati uyo. Oti. Oti ali kuti?"

Anatembenukira kwa ine.

"A Yotamu, ndinakusiyirani mwana. Mwamusiya ndi yani?"

Nkhope inali pafupi ndi yanga, milomo itang'ambika ndi ludzu. Kuyambira m'mawa mawu oti "Adadi" anali asanamveke ngakhale kamodzi. Dzulo lake anamveka kawiri. Dzana anamveka kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Ndinali ndikuwerenga, koma ndinkawerenga ngati munthu wowerenga zosokoneza macheza.

"Given," ndinatero, "khota."

Sanadikire malo abwino. Anakhotera pomwepo, matayala akulowa m'ngalande.

Kuchipatala tinapeza dokotala wamkazi, wamng'ono kuposa Oti. Anamva za opaleshoni ndi za kusanza, anaunika m'maso, anamenya mawondo ndi kanyundo. Miyendo sinadumphe. Anaitana namwino mofulumira. Anati thupi latha vitamini wotchedwa B1, amene sakhalitsa m'thupi munthu akamasanza, ndipo ubongo wayamba kuvulala. Anamuika dilipi n'kuthiramo mankhwalawo nthawi yomweyo, asanalembe n'komwe dzina.

Kenaka anatembenukira kwa ine ndi cholembera.

"Bambo, kusokonekeraku kwayamba liti?"

Ndikanatha kunena kuti lero m'mawa. Given anali panja. Oti sakanatsutsa.

"Lachinayi masana."

"Mumakhala kutali?"

"Ayi. M'tauni momwemu."

"Ku Lusaka sanakuuzeni zizindikiro?"

"Anandipatsa pepala. Ndinawerenga."

Anandiyang'ana kanthawi, n'kulemba. Sanandikalipire. Anangoti m'matenda amenewa tsiku lililonse limatenga chake, ndipo zina sizibwerera.

Maso anasiya kunjenjemera tsiku lotsatira. Lolemba masana ndinali pa benchi pambali pa bedi, ndikusenda lalanje limene sindinkafuna kudya.

"Adadi," anatero, "tili kuti kuno?"

Ndinamuuza. Ndinadikira pang'ono, ndikumvetsera ngati kubwera china. Sikunabwere, ndipo sindinafunse funso lililonse.

A Zione anaika thunthu la nthochi Loweruka lomwelo dzuwa lisanalowe. Dothi loyamba anaponya okha m'malo mwa mwana. Amati n'chifukwa chake Oti anadzuka. Sinditsutsana nawo. Chiyambire tsikulo amandiyankha moni basi.

Oti anakhala m'chipatala masabata atatu. Pambuyo pake madokotala a ku Lusaka anapeza kuti chifu chinapanikizika pamalo ena, n'chifukwa chake ankasanza, ndipo anapakulitsa ndi kachipangizo kolowetsa pakamwa. Tsopano amadya, pang'onopang'ono, kasanu patsiku. Mavitamini amamwa amadzi. Pofika Epulo sikelo inkaloza 92. Mankhwala a shuga anasiya, ndipo amagona chagada. Nkhope yadzaza pang'ono, yakhala yake.

Koma phazi lamanzere limakwakwa pansi, ndipo amayenda ndi ndodo. Za kale amakumbuka zonse, koma zatsopano zimamuthawa. Amalemba m'kabuku zimene wadya ndi amene wabwera. Ku ntchito ku Sinda sanabwerere. Za mwezi wa Okutobala sakumbuka chilichonse.

M'mawa uliwonse timayenda mpaka pa mjigo n'kubwerera, monga anatilangizira a zolimbitsa thupi. Tsiku lina tili m'njira anaima.

"Adadi, pa khadi langa analemba kuti ndinafika mochedwa ndi masiku awiri. Kunalibe galimoto?"

"Galimoto inalipo."

"Nanga?"

Ndinamuuza, titaima pamsewu pomwepo, amayi a zigubu akutidutsa. Ndinanena za kadzenje, za pepala, za njinga, za thalauza. Sindinachotsepo kanthu. Iye anatsamira ndodo, akuyang'ana phazi lake.

"Ndiye munkacheza ndi amami," anatero.

"Ndinkacheza ndi iwe ukudwala. Ndinkadziwa."

"Anafunsako za ine?"

"Kamodzi."

Oti anatulutsa kabuku kake m'thumba, anatsegula, anagwira cholembera. Ndinadziwa kuti akapanda kulemba, pofika madzulo zikhala zitachoka, ndipo tsiku lina adzawerenganso khadi lija n'kundifunsanso. Ndinamugwirira ndodo kuti alembe bwino. Analemba tsamba lonse, n'kutembenuza, n'kupitiriza. Zimene analemba sanandionetse.

Atamaliza anatenga ndodo yake. Dzanja langa sanaligwire. Anatsogola kupita ku mjigo, phazi likulemba mzere pafumbi, ine ndikutsatira pambuyo.